Kodi njere za mpiru ndingadyetse nkhuku?

Alimi anzanga, ndigawireniko nzeru. Chaka chino mpiru ndi repu wa kudimba ndinamusiya mpaka anachita maluwa achikasu. Ndinkangofuna mbewu basi, koma njere zake zadzadza ndowa.

Ndikudziwa kuti ku India amayenga mafuta ophikira kuchokera ku njere za mpiru, ndipo zotsalira zake amadyetsa ng'ombe. Ku Canada nako, m'zaka za m'ma 1970, anapanga mtundu wa repu wotchedwa canola, wopanda ukali wambiri. Zotsalira za canola zimakhala ndi mapuloteni opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine apa nkhuku zanga zoikira mazira zikundidya ndalama, soya sakugulika.

Koma mtima sukukhazikika. Dzulo ndinatafunako njere zingapo, ukali wake unakwera mpaka m'mphuno, misozi mbwee. Mankhwala obweretsa ukali umenewu amatha kutupitsa chithokomiro cha ziweto zikadya zambiri.

Alipo amene anayesapo ndi mpiru wathu wakuno? Kodi kukazinga kapena kuviika m'madzi kumachepetsa ukaliwo? Nanga ndisakanize zochuluka bwanji ndi madeya kuti nkhuku zisasiye kuikira?