Kodi galu wokoka kwambiri amayenera lamba wam'khosi kapena wapachifuwa?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaweta agalu. Ndili ndi galu wa miyezi 8 kuno ku Area 47, ndipo madzulo aliwonse ndimayenda naye atavala lamba wam'khosi. Vuto ndi lakuti akangoona kabaza kapena nkhuku amakoka mwamphamvu mpaka kuyamba kutsokomola, moti tsiku lina lambayo anavuka, galuyo n'kuthamangira kumsewu. Mnansi wanga akuti ndigule lamba wozungulira chifuwa ndi mapewa chifukwa sakanyanga pakhosi, koma ine ndikuopa kuti azikoka kuposa kale, poti mphamvu zake zili pachifuwa pomwepo. Kodi inu amene munayesapo malamba onse awiri munaona zotani? Nanga wapachifuwayo amapezeka kuti muno mu Lilongwe, ndipo ndimuyeze bwanji galu amene akukulabe?