Kodi ntchito ya saluni ingamudyetse mwana wanga?

Mayi wa ku Kamwendo:
Mwana wanga wamkazi wakhoza MSCE, koma akukana maphunziro auphunzitsi, ati akufuna kuphunzira kukonza tsitsi ndi zikhadabo. Abale anga, kodi ntchito imeneyi ili ndi tsogolo kuno ku Mchinji?

Mwini saluni pa Boma:
Mayi, musamuletse. Ndalama zimayenda bwino anthu akagulitsa soya ndi mtedza, nyengo imene maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka, koma mu Januwale ndi Febuluwale makasitomala amasowa, moti nthawi zina tsiku limatha mutaluka mutu umodzi wokha. Magetsi akazima, dulaya imangokhala. Wodziwa kuluka ndi manja ndiye amapitiriza kugwira ntchito. Ayambe wakhala pansi pa munthu waluso asanaganize zotsegula yake.

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndikuumirira pa satifiketi. Kafunseni ku TEVETA za sukulu zovomerezeka, chifukwa mahotela ndi masaluni akuluakulu a ku Lilongwe amafuna kuona pepala, ndipo mankhwala owongolera tsitsi amawotcha khungu akagwiritsidwa ntchito mosadziwa.

Mayi wa ku Kamwendo:
Zikomo kwambiri nonse. Achemwali a pa Boma, kodi mumalandira ophunzira pa saluni panu?