Fomu 4 yanga yaiwala zonse za chaka chatha, ndibwerere kapena ndipitirire?

MadamuBio:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndangomaliza kuchonga mock ya Biology. Funso la mtima, womwe tinajambula limodzi pabolodi ali Fomu 3, mpaka ndinakagula mtima wa mbuzi kumsika n'kuung'amba iwo akuona, lero munthu akulemba kuti aorta imapititsa magazi kumapapo. Xylem ndi phloem asinthanitsa pafupifupi kalasi yonse. Za mitosis ndi meiosis musandifunse. Chikundiwawa n'chakuti nthawi imene ndinkaphunzitsa ankayankha bwinobwino, tesiti ya kumapeto kwa topic ambiri anakhoza. Manotsi ali nawo, makope ndawaona ndekha. Ndikawafunsa akuti "Madamu timawerenga koma sizikukhala m'mutu." Silabasi sindinamalize, genetics ikundidikira, MANEB nayo sidikira munthu. Ndi CDSS, ana ndi oyendera, labu tilibe. Ndibwerere ku za Fomu 3 kapena ndingopitirira? Zowonjezera maola musandiuze, Loweruka ndikuphunzitsa kale.

MdalaWaChoko:
Madamu, vuto ndi limodzi: ana a masiku ano saloweza. Ife nthawi ya Kamuzu times table tinkaiimba m'mawa uliwonse tisanakhale pansi, mpaka lero mutandidzutsa pakati pa usiku n'kundifunsa 7 kuchulukitsa ndi 8 ndikuyankhani ndisanatsegule maso. Aimitseni, anene matanthauzowo mokweza onse pamodzi, kakhumi. Wolakwitsa atsale. Basi.

MasamuBasi:
Madamu, akati "timawerenga" mwawaonapo mmene amawerengeramo? Tsiku lina dzaimeni kumbuyo kwawo. Maso amangotsetsereka pa tsamba, bolopeni yofiira ikudula mizere pansi pa chiganizo chilichonse. Akafika kachitatu tsambalo likuoneka lachizolowezi, ndiye mtima umawauza kuti adziwa. Kuzindikira chinthu chili pamaso pako n'kosavuta. M'holo ya mayeso tsamba lija kulibe, ayenera kuchitulutsa okha m'mutu, ndipo ntchito imeneyo sanaiyeserepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ine sindibwerera m'mbuyo kukaphunzitsanso. Mphindi zisanu zoyambirira za piriyodi iliyonse makope atsekedwe, pabolodi mafunso anayi: la dzulo, la sabata yatha, la teremu yatha, la Fomu 3. Alembe pakapepala, asinthane, tichonge pompo, tipitirire ndi phunziro latsopano. Malikisi sindilemba paliponse. Genetics yanuyo musaiimitse.

WaTP:
Akuluakulu mundikhululukire, ine ndidakali pa teaching practice, koma zomwe anena a Masamuzi tinaziphunzira ku koleji. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasindikiza mu 1885 zomwe anapeza atadziyesa yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, n'kumaona kuti tatsala tingati pakapita nthawi. Kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kumayenda pang'onopang'ono. Anaonanso kuti kubwereza komwazika m'masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kowunjika tsiku limodzi.

Kafukufuku wina ndi wa Roediger ndi Karpicke, 2006, ku Washington University mumzinda wa St. Louis. Ophunzira ena anawerenga ndime mobwerezabwereza, ena anawerenga kamodzi kenako n'kumalemba zomwe akukumbukira ndimeyo itachotsedwa. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja ndiwo anapambana. Patapita sabata zinatembenuka: odziyesa anakumbukira pafupifupi 61 peresenti, anzawo 40. Ndiye tesiti ya kumapeto kwa topic ija, Madamu, inayesa zomwe zinali zisanazizire. Sinakuuzeni chomwe chidzatsale chaka chamawa.

MdalaWaChoko:
Mwana wanga, zonse wanenazi ndi kubwereza komwe ndanena ineko. Azungu akowo angokupatsa mayina aatali. Aloweze.

MasamuBasi:
Akulu, sizofanana kwenikweni. Kalasi ikamanena mokweza pamodzi, odziwa amakhala asanu a kutsogolo, enawo amangotsatira mawu theka la sekondi m'mbuyo, ena kungogwedeza milomo. Mwana aliyense avutike yekha, kope litatsekedwa. Komanso inu times table simunaiimbe kakhumi tsiku limodzi n'kuisiya. Munaiimba chaka chonse, kenako mwakhala mukuigwiritsa ntchito moyo wanu wonse. Kanjira ka kudimba kamaoneka chifukwa anthu amadutsamo kawirikawiri. Mukakaponda kakhumi Lolemba lokha n'kukasiya mpaka dzinja, mudzapeza udzu.

DeputyWotopa:
Ndichenjezeko pang'ono, chifukwa zimenezi ndinazionapo zikuwonongeka. Mnzathu wina anabwera nazo kuchokera ku maphunziro a SMASSE, a aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ali ndi moto. Timafunso tam'mawato anatisandutsa khoti: wopeza ziro agwade kutsogolo, malikisi awerengedwe mokweza. Pasanathe mwezi ana anayamba kufika piriyodi yachiwiri, ena kubisala kuchimbudzi mpaka mafunso athe. Mwana wamantha mutu wake umadzaza ndi manthawo, malo oganizira funso amachepa.

Chachiwiri, musatolere timapepalato. Ana 90 kuchulukitsa ndi masiku asanu, mudzafa ndi kuchonga, sabata yachitatu mudzasiya.

China, mayankho olondola aperekedwe tsiku lomwelo. Mwana akalemba kuti phloem imanyamula madzi, inu osamukonza, mwamuthandiza kukhomerera bodzalo. Ndipo mphindi zisanuzo zimakula. Mukangoti ndifotokozeko pang'ono pomwe alakwitsa, belu la mphindi 40 lalira, scheme of work ikunena zina, inu mukuchita zina. Oyendera sukulu akadzabwera adzafunsa ine.

MatroniWaHostel:
Kwathu kuno ndi kogonera, koma mverani. Teremu ino atsikana anga sagona. Prep ikatha amakabisala ndi matochi, ena miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, mpaka atambala. Chaka china mtsikana wanzeru ndithu anachezera usiku wonse pepala la Geography lili mawa. M'holo anagona pa desiki, oyang'anira mayeso anachita kumugwedeza kawiri. Anatuluka akulira kuti mafunso onse amawadziwa koma palibe chimabwera. Munthu akagona m'pamene ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira masana. Ana a msinkhu umenewu madokotala amati azigona maola 8 mpaka 10. Ine 10 koloko ndimalanda matochi, andide.

Anu oyenderawo afunseni amagona nthawi yanji. Wina akaweruka amakatunga madzi, kuphika, kusamala ana, kope amaligwira anthu onse atagona.

WaSitandade8:
Muwafunsenso ngati adya. Kuno ku pulayimale tsiku lomwe phala silinaphikidwe, ikamakwana 10 koloko ndimangolankhula ndekha. Chomwe sichinalowe poyamba sitinganene kuti chaiwalika. Mwana wanjala, wodwaladwala malungo kapena wochepa magazi amakhala m'kalasi thupi lokha.

MadamuBio:
Za njala ndi zoona koma ine ndilibe ufa wowapatsa. A Masamu, mafunso anayiwo mumawatenga kuti tsiku ndi tsiku? Nanga diagram? Mtima sungaufunse ndi mzere umodzi.

MasamuBasi:
Past paper, Madamu. Duladulani funso limodzi lalitali likhale tiwiri titatu. Diagram ajambule okha papepala lopanda kanthu, alembe zigawo zomwe akukumbukira, kenako atsegule kope n'kudzaza zosowazo ndi cholembera cha mtundu wina. Mtundu wachiwiriwo ukamachepa sabata ndi sabata, mwana amadzionera yekha kuti zikuyenda. Zosokonezana ngati mitosis ndi meiosis muzizifunsa tsiku limodzi, moyandikana, kuti azolowere kusankha. Ine sine rule ndi cosine rule ndikazipatula aliyense amakhoza, chifukwa mutu wa phunziro wawauza kale chogwiritsa ntchito. Ndikazisakaniza ndiye mumaona amene akudziwa.

Koma dziwiranitu, ana adzakudandaulani. Njira imeneyi imawawa, masiku oyamba amaona ngati akubwerera m'mbuyo. Anga anakandinenera kwa ahedi kuti ndimafunsa zomwe sindinaphunzitse. Zinali za teremu yatha.

MdalaWaChoko:
Mwaona? Kudandaula. Ife tinkadandaula kwa ndani? Ndaphunzitsa ana omwe lero ndi madokotala, palibe ndi mmodzi yemwe anali ndi zolembera za mitundu iwiri. Analoweza.

WaChingerezi:
Akulu, kuloweza ndinakuona mapeto ake. Mnyamata wina analoweza composition yathunthu ya ngozi ya basi kuchokera mu pamphlet. Mayeso anafunsa za tsiku la msika. Iye anayamba bwino, mayi ake amutuma kumsika, chiganizo chachitatu wakwera basi, ndipo basiyo inagubuduzika mpaka kumapeto kwa pepala. Kumsika sanafike.

Timawu tofupikitsa natonso muzisamala nato. Timathandiza kusunga mndandanda, koma tanthauzo tilibe. A Masamu anenepo za SOHCAHTOA, kaja kokumbukirira sine, cosine ndi tangent.

MasamuBasi:
Hahaha musandikumbutse. Amailemba pamwamba pa pepala ndi zilembo zazikulu, bwinobwino, kenako hypotenuse n'kuiika kumbali yaifupi. Komabe a Mdala asatayidwe onse. Pali zina zofunika kuloweza ndithu: ma formula, mayina a zigawo, times table yomweyo. Mwana amene akuwerenga zala pa 6 kuchulukitsa ndi 7 sangatsate quadratic, mutu wake watanganidwa kale.

WaTP:
Pamenepo mpomwe pali nkhani ya zomwe munthu angagwire m'mutu nthawi imodzi. George Miller mu 1956 ananena kuti ndi zinthu pafupifupi zisanu ndi ziwiri, koma ofufuza a pambuyo pake, monga Nelson Cowan, anatsitsa kufika pafupifupi zinayi. Chomwe munthu wachidziwa bwino chimawerengedwa ngati chinthu chimodzi. Kwa Madamu "double circulation" ndi kanthu kamodzi. Kwa mwana ndi zipinda zinayi, mitsempha inayi, ma valve, ndi mivi yofiira ndi yabuluu, zonse nthawi imodzi.

Za mtima wa mbuzi uja ndili ndi kafunso, Madamu, musandione mwano. Ana akukumbukira chiyani za tsiku limenelo? Munthu amasunga chomwe amachiganizira pa nthawiyo. Mwina ankaganiza za fungo ndi za mnzawo amene anathawa magazi.

MadamuBio:
Iwe mwana iwe. Ndawafunsa lero. Akukumbukira kuti mtimawo ndinapita nawo kunyumba kukaphika.

BioWaMishoni:
Pepani Madamu, ndaseka mpaka ana andiyang'ana. Musasiye ma practical chifukwa cha zimenezo, kungoti akamaliza kugwira alembe okha zomwe aona ndi chifukwa chake, mawa lake muwafunsenso. Luso la manja ndi mfundo za m'mutu sizisungidwa mofanana. Ndikamaphunzitsa coordination ndimawauza za Henry Molaison wa ku America. Mu 1953 madokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya hippocampus, chigawo cha ubongo chothandiza kusunga zatsopano, mbali zonse ziwiri pofuna kuchepetsa khunyu. Kuchokera pamenepo zatsopano sizinkakhalanso: munthu amene wacheza naye, akatuluka n'kubweranso, ankamulonjera ngati mlendo. Koma atamuphunzitsa kujambula nyenyezi akuyang'ana pagalasi, dzanja lake linkapita patsogolo tsiku ndi tsiku, iye osakumbukira kuti anayeserapo. Ndiye mwana akhoza kudziwa kudontheza iodine pa tsamba, koma osatha kulemba chifukwa chomwe tinayambira kuliwiritsa.

Chenjezo langa ndi la anyamata. Nyengo ino pamabwera mphekesera yoti chamba chimatsegula mutu. Chimachita zosiyana ndi zimenezo, chimasokoneza kusunga zatsopano. Palinso ogulitsa timabotolo ndi mapiritsi "a nzeru" m'mabasi ndi pa Facebook. Makolo akutaya ndalama zomwe akanagulira mwana chakudya cham'mawa.

MatroniWaHostel:
Ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija. Ndikapanga chipikisheni m'hostel ndimatola zitini zodzaza ndowa. Mtima kugunda, manja kunjenjemera, tulo osabwera, m'mawa mutu uli gwa.

MdalaWaChoko:
Ife tinalibe zitini, tinalibe Facebook. Tinali ndi nyali ya koloboyi ndi mphunzitsi woopsa. Madamu, yesani zanga sabata imodzi yokha, mudzandiuza.

DeputyWotopa:
Akulu, "wolakwitsa atsale" pa CDSS ndi nkhani ina. Mtsikana wochokera mtunda wautali mukamutsaliritsa, afika kwawo kutada, mawa kholo lili pa ofesi panga. Zokwapula ndiye musayerekeze, mudzataya ntchito.

Madamu, Loweruka lanulo makolo akulipirapo kanthu? Samalani, pakhale chilolezo cha ahedi ndi komiti ya makolo cholembedwa. Kwathu nkhani ya ndalama za makalasi owonjezera inafika patali, anthu analemba malipoti.

WaChingerezi:
Kwathu tinasiya kumene. Ana amabwera theka, amene amafunika kwambiri thandizolo ndi omwe amakhala ali kumunda kapena kuganyu.

WaSitandade8:
Inu bola muli ndi past paper. Ife makina osindikizira a pa zoni anafa kalekale, mafunso onse ndimalemba pamanja pabolodi, choko chomwe tikuchita kugawana.

MasamuBasi:
Choko musatchule. Bokosi lomwe tinalandira teremu ino silikulemba, likungokanda bolodi.

BioWaMishoni:
Kodi alipo ali ndi marking scheme ya mock ya cluster, pepala lachiwiri? Yathu yabwera masamba awiri akusowa, funso la impso ndikuchonga mongoganiza.