Gulu la Chitukuko cha Kwathu ku Dedza: ndalama za ndawala ya Okutobala zipite kuti?

Wapampando: Mwaswera bwanji abale nonse. Tinagwirizana kuti chaka chino tichite ndawala mu Okutobala, mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere. Komiti ikuganiza kuti ndalama zomwe tipeze tisindikizire malaya apinki, tibwereke zimkuzamawu, anamwino adzalankhule pabwalo la sukulu. Maganizo anu?

Malume a ku Joni: A Wapampando, ine ndisabise. Mjigo wa pasukulu pomwepo unafa kalekale, ana akumwa madzi a m'dambo. Khansa ndi ya boma ndi zipatala zikuluzikulu, kagulu kathuka sikangaithe.

Mayi a ku Kawale: Malume, za mjigo ndi zoona, koma ndiloleni ndilankhule, poti ena simudziwa kuti ine ndili ndi bere limodzi. Kachotupa ndinakamva ndikusamba, kolimba, kosapweteka ngakhale pang'ono. Kusapwetekako n'kumene kumapusitsa anthu. Anandidula kanyama kukayeza, kenako opaleshoni, kenako kemo, mankhwala amphamvu opha khansa. Tsitsi linathothoka lonse, nsima inkanunkha m'kamwa, koma lero ndikugulitsa pamsika, adzukulu ndikuwabereka kumbuyo. Chomwe chimandiwawa ndi amayi anzanga a kumudzi amene tinkakhala nawo pa benchi limodzi. Ena amabwera kawiri, kachitatu osaonekanso. Ukafunsa, akuti ya minibasi inasowa, mbuzi anagulitsa kale. Ine ndinamaliza chifukwa ndimakhala mu Lilongwe momwe muli chipatala chachikulu. Malaya apinki ndi okongola, koma mayi wa kuseri kwa phiri akamva uthenga n'kupeza chotupa, adzakwera chiyani? Ndalamazi zikhale thumba la thiransipoti ndi chakudya cha wodwala ndi womudikirira.

Mlangizi wa zaumoyo: Amayi anena zenizeni. Kumudzi kuno kupima bere ndi manja timatha, koma kutsimikiza matenda ndi kulandira kemo n'kuchipatala chachikulu, ife timatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2021 linaika mulingo woti munthu adziwe zotsatira pasanathe masiku 60 chifikireni kuchipatala koyamba. Masiku amenewa ambiri amathera kusaka ndalama, ena amayamba adzera kwa asing'anga poganiza kuti awalodza. Komabe kuphunzitsa tisakutaye. Anthu adziwe kuti chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere kulowa m'kati, kutuluka magazi, khungu kukhala tokumbikakumbika ngati khoko la lalanje, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala. Zotupa zambiri sizikhala khansa, koma wonena ndi dokotala. Abambonso imawagwira, ngakhale si kawirikawiri. Zimenezi ndingathe kuzinena kutchalitchi, kumzikiti ndi kusikelo popanda kulipira zimkuzamawu.

Msungichuma: Thumbalo ndalikonda, koma mantha anga ndi kasungidwe. Mawa wina adzabwera ndi mutu waching'alang'ala, ndi mbale wathu, timukaniza bwanji? Ndikupempha kuti tizipereka pokhapokha pali kalata yotumizidwa kuchipatala chachikulu, ndalama zizipita pa Airtel Money kapena Mpamba kwa wodwala mwini wake, ndipo asayine anthu atatu. Mayina a odwala asamalembedwe pagulu pano.

Malume a ku Joni: Achemwali a ku Kawale, pepani kwambiri, sindinkadziwa kuti munadutsa m'zimenezi. Thumbalo ndisonkha nawo. Za mjigo ndiyankhula ndi anyamata a kuno tisonkhe patokha, koma zilowe mu maminitsi kuti zisaiwalike.

Aphunzitsi opuma: Nanga odwala khansa ya khomo la chiberekero? Ndi imene ikutha amayi ambiri m'Malawi muno. Tiwasiya?

Mayi a ku Kawale: Ayi aphunzitsi, msewu wake ndi womwewo, mtengo wa minibasi ndi womwewo. Alowe nawo. Pa tsiku la ndawala ine ndidzaima kutsogolo ndinene nkhani yanga ndi pakamwa panga, amayi aone kuti wochotsedwa bere amayenda, amaseka, amalima.

Wapampando: Zamveka. Tivota Loweruka madzulo: malaya ndi zimkuzamawu, kapena thumba la thiransipoti la khansa zonse ziwiri. A Msungichuma, lembani malamulo a thumbalo tiwaone lisanafike Lachisanu. Alangizi, funsani a mfumu za bwalo.