Njinga yamoto ndiisunge bwanji mpaka chisanu chithe?

Wa ku Leeds: Akuluakulu a kuno ku UK, ndithandizeni. Ka Honda kanga ka 125cc ndikufuna kapume mpaka March, kuntchito ndizipita pa basi. Chaka chatha tcheni ndi ekizozi zinachita dzimbiri ngati zagona m'chithaphwi.

Malume a ku Luton: Chinadya njingayo si chisanu, aphwanga, ndi mchere umene khonsolo imamwaza mumsewu kuti madzi asaundane. Itsukeni ndi madzi ozizira, otentha amaukolezera mcherewo. Ikauma mbee, ipopereni ACF-50, mafuta oteteza dzimbiri aja, pazitsulo zonse, koma mabuleki ndi matayala muphimbe kaye, akakhudzidwa mudzatsetsereka. Tcheni muidzoze mafuta.

Achemwali a ku Glasgow: Thanki muidzaze, ikakhala theka imachita thukuta mkati. Ndiye thirani petulo wa E5, wodula uja wa ethanol yochepa. Petulo wamba kuno ndi E10 kuyambira September 2021, ndipo ethanol yake imakoka chinyezi.

Wa ku Leeds: Zikomo. Batire ndimati ndizingoliza injini mphindi zisanu Lamlungu lililonse.

Malume a ku Luton: Ayi ayi! Mphindi zisanu injini sitentha mokwanira, nthunzi imasanduka madzi mu ekizozi ndi mu oyilo, ndiye mwaliitana nokha dzimbiri lija. Chotsani batire mukaliike m'nyumba pa chaja yodzaza pang'onopang'ono, monga OptiMate. Njingayo muziikankhako pang'ono pakatha masabata angapo, matayala asamangotsamira mbali imodzi.

Wa ku Coventry: Mutsekenso kukamwa kwa ekizozi ndi kasanza. Ine mbewa zinandimangira chisa mu air filter, mosefera mpweya wolowa mu injini, n'kutafunanso mawaya. Kumudzi tikadazidyera nsima, kuno zinandidyera malipiro. 😂

Achemwali a ku Glasgow: Funso lalikulu palibe wafunsa. Izigona kuti?

Wa ku Leeds: Pamsewu, kutsogolo kwa nyumba. Ndiifunditsa lona lapulasitiki, n'kuchita SORN, kuuza boma kuti njingayo sindikuiyendetsa, kuti ndisamalipire msonkho.

Achemwali a ku Glasgow: Pamenepo mwaphonya, achimwene. SORN ndi yaulere ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, amakubwezeraninso msonkho wa miyezi yathunthu yotsala, koma njinga isakhale pamsewu wa boma. Ikakhala pamsewu, msonkho ndi inshuwalansi zonse zikhalepo. Lonalonso limatsekera chinyezi, pezani chofunda chopitsa mpweya.

Wa ku Leeds: Eee, mwandiwombola. Kuseri kuli kashedi kodzaza makatoni, mawa ndiwapempha eni nyumba.

Wa ku Coventry: Makatoni? Mbewa zanu zili momwemo, bwana.