XL Bully wa tchende limodzi, mwini wake akukana kumufula, 30 June yayandikira (zokambirana za June 2025)

Chisomo, Leeds: Anzanga ndithandizeni, mutu wazungulira. Kuchipatala cha ziweto komwe ndine dokotala ndili ndi XL Bully (mtundu wa galu woletsedwa kuno ku England, wosungidwa ndi chilolezo chokha ndipo lamulo likuti afulidwe) wamphongo, 47kg, miyezi 22. Pa 31 January 2024 anali asanakwane miyezi 7, ndiye tsiku lake lomaliza kufulidwa ndi 30 June 2025, kwatsala masabata atatu. Chilolezocho, Certificate of Exemption, chilipo, chip ilipo, inshuwalansi ilipo, muzzle amavala osavuta, kwangotsala VCN01 basi, fomu yomwe dokotala amasaina kutsimikiza kuti galu wafulidwa. Koma mwini wake akuti galu wakeyo mpeni sumukhudza. Wabwera ndi mulu wa mapepala a pa intaneti, akuti galuyo ndi wamantha kale ndipo tikamufula ndiye ayamba kuluma. Akufuna ndimubaye Suprelorin (implant yoletsa kubereka kwa kanthawi), apo ayi vasectomy (kudula njira ya umuna machende nkuwasiya), kenako ndisaine fomu. Ndamuuza kuti fomu ikunena castration, iye akuti kodi a Defra, unduna woona za lamuloli, adzabwera kudzasuzumira kunsi kwa galu? Ndiye kuonjezera apo tchende ndi limodzi. Lamanzere mu scrotum mulibe, mu inguinal (m'mphechepeche) sindinathe kufufuza bwino chifukwa galuyo salola kugonekedwa chagada, ukangoyandikira m'mimba amauma thupi lonse maso ali tuzu. Abwana akungoti ndithane nazo ndekha. Munthu wotereyu mumamuuza chiyani? Ndipo akavomera, premed (mankhwala omukhazika mtima pansi asanagonekedwe) ya galu wamantha wa msinkhu uwu mukuyenda nayo bwanji masiku ano?

Limbani, Manchester: Achemwali, musasaine. Zina zonse tikambirana koma izi ndanena poyamba. Fomu imeneyo ndi satifiketi, pali dzina lanu ndi nambala yanu ya RCVS, bungwe lolembetsa madokotala a ziweto, ndipo kusainira chinthu chomwe simunachite kwachotsetsa anthu mu register. Vasectomy si kufula, implant si kufula. Galu ameneyo tsiku lina adzangodumphira mwana wa neba, apolisi adzamutenga, DLO, wapolisi woona za malamulo a agalu, adzamuona ali ndi tchende likulendewera pomwe fomu ikuti munafula ndinu. Mwini wake adzangoti adokotala ndi amene anandiuza. Lembani mu notes zonse zomwe wapempha ndi zomwe mwayankha, lero lomwe, mawu ake enieni.

Yohane, Johannesburg: Koma bamboyo sakulakwa. Ine ndaphunzitsa agalu a ulonda zaka zambiri kuno ku Joni, Boerboel, Rottweiler, Malinois, pit bull, onse adutsa m'manja mwanga. Galu sabadwa ndi mlandu. Vuto ndi mwini. Lamulo loyeza galu ndi tepi ngati telala ndi lamulo lanji? Wamphongo akafika 51cm paphewa, wamkazi 48cm, mutu waukulu, basi wapalamula. Ku Netherlands analetsa pit bull mu 1993, pofika 2008 anachotsa okha lamulolo ataona kuti anthu akulumidwabe. Italy inachotsa mndandanda wake wa mitundu mu 2009. Inu a ku Britain muli ndi Dangerous Dogs Act kuyambira 1991, agalu anasiya kuluma?

Chisomo, Leeds: Ankolo, zimenezo ndikuzidziwa, ngakhale BVA (bungwe la madokotala a ziweto), RSPCA, Dogs Trust ndi Kennel Club onse anatsutsa lamuloli. Koma Lachinayi bamboyu akubweranso ndipo sindingamuwerengere mbiri ya Netherlands.

Nachisale, Luton: Ife anamwino ndi amene tinaona zakuda ndi nkhani imeneyi. January 2024 foni sinkapuma, aliyense akufuna kulipira £92.40 ya certificate ija tsiku lisanakwane, ena akubwera ndi Staffie cross wamng'onong'ono kuti timuyeze, ena ndi American Bulldog akulira. Boma linkaganiza kuti agaluwa alipo ngati 10,000, olembetsedwa anapitirira 55,000, ndiye muone mzere wa opaleshoni mmene unalili chakumapeto kwa June 2024. Panali mayi wina anabweretsa wamkazi wathanzi bwinobwino kuti timugonetse (timuphe ndi jekeseni) alandire £200 ya chipepeso cha boma ija, chifukwa landilodi anamuuza kuti asankhe nyumba kapena galu, ndipo kumupatsa munthu wina kunali kutaletsedwa kale pa 31 December 2023. Galuyo anandinyambita dzanja ndikumeta mwendo kuti tiike catheter. Madokotala awiri anakana, anachita wachitatu. Ine ndinakalilira m'chipinda chochapira.

Za premed: kwathu timawapatsa gabapentin ndi trazodone atengere kunyumba, ayese kaye tsiku lina kuti tione mmene galu akuzilandirira, kenako usiku wake ndi m'mawa mwa opaleshoni. Muikeni woyamba pa list, alowere khomo lakumbuyo, mu waiting room musakhale galu wina. Jekeseni wa mumnofu (IM) timabayira m'galimoto kapena pa car park mwini wake atagwira mutu, basket muzzle ili pakamwa. Mukabaya zimitsani magetsi mumusiye, musamapite kukasuzumira mphindi iliyonse. Ndipo ACP (acepromazine, mankhwala ofooketsa) yokha musayidalire, galu amaoneka wagona koma mantha ali pompo, amadzuka mwadzidzidzi dzanja lanu lili pafupi.

Limbani, Manchester: Pa medetomidine paja, mankhwala ogonetsa aja, musakhulupirirenso kuti wagoneratu. Ndinaona namwino akulumidwa ndi galu yemwe tonse tinkati wakomoka, chitseko chitangomenyetseka. Muzzle ichoke pokhapokha tube yopumira ili m'manja. Podzuka samalani mpweya, agaluwa ena phuma ndiye kwawo ndipo amatentha thupi msanga. Adzukire m'khola lomwe adzatulukiremo, musamadzamusamutse atatsitsimuka.

Yohane, Johannesburg: Mukukamba za mankhwala koma funso langa simunayankhe. Afulidwe chifukwa chiyani? Walumapo ndani? Ku Norway kufula galu popanda chifukwa chomveka nkoletsedwa, ku Los Angeles kuyambira 2008 amakukakamiza kufula ali ndi miyezi 4. Ndiye wolondola ndani? Onse akuti ndi sayansi. A ku yunivesite ya UC Davis ku America anaonetsa kuti agalu ena akuluakulu ukawafula msanga mafupa ndi mawondo amadzavuta. Ine galu wamantha sindimufula, ndimamuphunzitsa. Vuto ndi mwini, osati machende.

Limbani, Manchester: Ankolo, za mafupazo nzoona ndipo nchifukwa chake a BVA anakakamira mpaka tsiku la ana agalu linasunthidwa kufika June 2025, kuti akhale atakula. Uyu ali ndi miyezi 22, wakhwima. Mfundo imeneyo pano yatha mphamvu. Ya manthayo ndiyo ili ndi kanthu, agalu ena amanthadi amaipiraipira akafulidwa, ndipo Chisomo asamubisire mwini wake zimenezo. Koma njira ina ndi iti? Tsiku likadutsa certificate yafa, galu akhoza kulandidwa, mwini wake chindapusa chopanda malire kapena miyezi 6 kundende. Eni agalu anasonkha ndalama, gulu la Don't Ban Me Licence Me linapita ku High Court, mu December 2024 khoti linasiya lamulolo lili chilili. Kuthawira ku Scotland kunatsekedwa kalekale, Northern Ireland ndi Ireland nakonso analetsa.

Tadala, Blantyre: Pepani ndalowerera za ku Ulaya, koma mawu a bambo wanuyo ndi omwe timamva kuno tsiku ndi tsiku. Ukapita ku Ndirande kapena ku Bangwe ndi katemera wa chiwewe anthu amabwera, ana ali ndi agalu pa zingwe za mtaya wa njinga, ena atanyamula tiana m'beseni. Kuyambira pomwe a Mission Rabies anayamba kampeni mu 2015 anthu anazolowera. Koma ungotchula zofula, mzere umabalalika. Akuti galu wofula sauwa, amangonenepa nkumagona pakhonde akuba akusenza nkhuku. Wamkazi ndiye akuti ndi bizinesi, ana ake amagulitsa. Mdala wina anatithamangitsa ndi mpini atamva kuti mdzukulu wake wapereka galu kuti timufule. Mutati muike lamulo lokakamiza kufula kuno, anthu angobisa agalu kuseri kwa bafa, ndiye ngakhale katemera sitifika pa 70% ya agalu yofunika ija. Ife chomwe chimatipha ndi chiwewe, si mtundu wa galu.

Yohane, Johannesburg: Mwamva? Mwana wa ku Blantyre wanena zomwe ndikunena ine. Kuno mu 2022 ana ataphedwa ndi ma pit bull ku Gqeberha ndi ku Free State, a Sizwe Kupelo Foundation anasonkhanitsa masaini kuti boma liletse mtunduwo. Anthu anachita mantha, ena anakatula agalu awo ku SPCA, ku Cape Town anthu anagenda agalu ndi kuwaotcha. Mpaka lero lamulo loletsa kulibe. Ndipo mukafufuza agalu oluma aja mupeza ambiri anali a pa tcheni, dzuwa lonse, mpanda wobooka. Mnyamata wa kwathu wogwira m'gadeni analumidwa ntchafu ndi Boerboel wa abwana ake, galu wofula kale, wa mapepala ake. Mtundu umenewo pa mndandanda wa ku Britain palibe.

Tadala, Blantyre: Ankolo musandikokere mbali yanu, ine kufula ndimafula ndipo ndimalimbikitsa. Ndangoti kukakamiza kuno sikungagwire.

Dokotala Mwale, Lusaka: Nonse mwasiya chinthu chachikulu. Galuyu ndi cryptorchid, tchende lina silinatsike. Iwalani Defra kaye. Tchende lotsalira m'mimba limakhala pamalo otentha, mpata wa chotupa ndi waukulu kuposa lomwe linatsika, Sertoli ndi seminoma, ndipo likakula limatha kupotokola. Sertoli ikayamba kutulutsa oestrogen mumaona ubweya ukuthothoka mbali zonse ziwiri, mawere akutupa, agalu amphongo anzake akumutsatira, mwina mpaka mafuta a m'mafupa kusiya kupanga magazi. Ndinamuonapo German Shepherd wotero atabwera mochedwa, nkhama zili mbuu. Galu uyu ngakhale akanakhala Labrador wa abusa ndikanati afulidwe. Bamboyo akumenyana ndi boma, ndiye inu mukamayankhula ngati boma mwaluza kale. Mukhazikeni pansi muyankhule za chotupa.

Suprelorin ndiye ayi ndithu. Masabata oyamba testosterone imakwera kaye isanatsike, mukhala mukumuchita opaleshoni ali pachimake. Ikadzagwira machende amafota, lobisikalo mudzalifuna mpaka thukuta.

Chisomo, Leeds: Adokotala zikomo, za kufota zija sindinaziganizire. Ndinatchulako za chotupa koma mothamanga, nthawi inali itatha ndipo tinali titakangana kale za fomu. Akavomera ndikuganiza zomuunika ndi ultrasound atagona kale, ndiyambe inguinal kenako ndikwere mpaka ku impso.

Dokotala Mwale, Lusaka: Chitani choncho, koma mukatsegula musadule chinthu chomwe simunachione bwino. Bowo laling'ono ndi limene limapusitsa. Anatitumizirapo galu yemwe anamuchotsa prostate poganiza kuti ndi tchende, mkodzo ukungothira m'mimba, urethra itaduka. Kuyambira pamenepo ine ndimatsegula mokwanira, nditembenuze chikhodzodzo, ndipeze vas deferens, ndiitsate mpaka pomwe yathera. Yambani ndi lobisikalo, lakunja lichoke pomaliza. Mukalephera kulipeza tsekani mutumize kwa ena, musasaine kuti wafulidwa pomwe limodzi latsala. Mukachotsa jambulani onse awiri ali pa swab pamodzi ndi nambala ya chip, lobisikalo lipite ku histo, akaliunike ku labu.

Nachisale, Luton: Ndipo muwauziretu mtengo. Akuganiza kuti ndi castration wamba, akadzaona bilu ya kutsegula m'mimba pa galu wa 47kg mkangano udzayambiranso pa reception. Consent ilembe zonse, kuphatikiza zoti khalidwe likhoza kusintha. Muwapatse dzina la behaviourist (katswiri wa khalidwe la agalu) asanachoke. Scan chip musanayambe, nambala ifanane ndi ya pa certificate. Kwathu wina anabweretsa galu wa mchimwene wake wofula kale kuti tisainire wake.

Yohane, Johannesburg: Ndiye mwagwirizana zomunyengerera ndi nkhani ya khansa kuti lamulo loipa liyende bwino. Akanakhala ndi machende onse awiri pansi mukananena chiyani? Ine ndikubwereza, vuto ndi mwini. Mupatseni munthu laisensi, ayesedwe ngati woyendetsa galimoto, wolephera asasunge galu wamkulu. Lero XL Bully, mawa Cane Corso, mkuja Boerboel.

Limbani, Manchester: Ankolo, laisensiyo ineyo ndingaivotere mawa. Komanso anthu anafa, tisaiwale, lamuloli a Sunak, nduna yaikulu ya nthawiyo, analilengeza mu September 2023 munthu ataphedwa ku Stonnall, ndipo bala la galu wa 50kg si la Jack Russell. Amene tasokapo agalu olumidwa ndi agaluwa tikudziwa. Chisomo, chinthu china: si ntchito yanu kukamunenera kupolisi akakana, koma musamulonjezenso kuti zikhala bwino. Imbirani VDS, bungwe loteteza madokotala a ziweto pa milandu, musanakumane naye Lachinayi, ndipo m'chipindamo musakhale nokha.

Tadala, Blantyre: Achemwali a ku Luton, ma basket muzzle aakulu aja kumeneko amagula zingati? Kuno timangomanga bandeji kukamwa, pa Boerboel sizigwira, mwezi watha wina anaidula ngati ulusi. Wina akamabwera mu August anditengereko awiri, ndalama ndipereka kwa achibale.

Nachisale, Luton: Ndikuonerani. Koma muzzle ya Baskerville wamba pa mitu ikuluikulu ija imakhala yothina, galu satha kupuma ndi kukamwa, kutentha kwa kwanuko angakomoke. Munditumizire muyeso wa mphuno, kutalika ndi kuzungulira kwake kukamwa kuli kotsegula pang'ono.

Yohane, Johannesburg: Muzzle ya waya ndi imene imagwira, kuno amapanga okha. Koma galu wophunzitsidwa bwino safuna zonsezo. Tadala, Boerboel ameneyo amakhala pa tcheni kapena ayi?