Kodi Chipwitikizi ndingakaphunzire kuti?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Lizulu ndipo ndimapikula mbatatesi ndi nyemba ku Angónia. Ndi alimi akumeneko timamvana bwinobwino m'Chichewa, koma ku maofesi ndi kwa apolisi a pamsewu wa ku Tete zonse ndi Chipwitikizi, mapepala omwe. Zolipira womasulira zanditopetsa.

Alipo akudziwa sukulu kapena mphunzitsi wodalirika ku Dedza kapena pa boma pa Ntcheu? Ku Lilongwe ayi, thiransipoti ingandimalize. Satifiketi ndilibe nayo ntchito kwenikweni, ndikufuna kulankhula ndi kuwerenga malisiti. Komanso chikhale cha ku Mozambique, osati cha ku Brazil chadzaza pa YouTube chija. Amene munaphunzirapo, munkalipira zingati pamwezi, ndipo m'kalasi munkakhala angati? Ine ndimapezeka madzulo okha.